Salma ndi Kamoto ka Pansi pa Firiji

Salma anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Salima, m'mbali mwa nyanja. Salma sankaopa mafunde. Sankaopa agalu. Sankaopa ngakhale atsekwe olusa a pakhomo loyandikana nalo. Koma chinthu chimodzi ankachiopa. Ankaopa moto.

Chifukwa chake chinalipo. Chaka china khitchini ya kwawo inapsa. Wina anasiya nyale ya koloboyi ikuyaka. Mphaka anaigwetsa. Udzu unagwira moto. Salma anali mtulo pamphasa, m'khitchini momwemo.

Amayi ake, a Hajara, analowa mu utsi. Anamunyamula. Anathamanga naye panja. Salma anatuluka wopanda bala. Koma dzanja la amayi linapsa. Linapola, inde. Chipsera chokha chinatsala.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anaika lamulo.

"Moto wopanda mwini, zimitsa."

Salma analigwira lamulolo ndi manja awiri. Akaona makala akunyeka okha, ankathira madzi. Akaona ndudu yotayidwa, ankaiponda. Tsiku lina bambo ake anatereka tiyi n'kupita kuseri kwa nyumba. Pobwerako anapeza nkhuni zonyowa, tiyi ali zii.

"Iwe Zimamoto!" anatero bambo, akuseka. "Mwini wake ndinali kuseriku!"

Dzinalo linamukakamira ngati chisoso pachitenje.

Bambo a Salma anali a Ramadhani. Iwo ankayang'anira msasa wa alendo. Alendo ankabwera pamagalimoto. Ankakhoma matenti. Ankasambira. Kenako ankapita. Ana awo ankalankhula zilankhulo zachilendo, ndipo Salma ankangowayang'ana chapatali. Mumtima ankalakalaka mnzake wosewera naye.

Tsiku lina, sukulu zitatsekera, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera galimoto yodabwitsa. Inali yobiriwira. Inali yakale. Inkayenda pang'onopang'ono. M'mazenera mwake munali makatani. Pachitseko panalembedwa kuti KAMBA.

Munatuluka bambo wamtali.

"Odi kuno!"

"Odini, achimwene!" anatero a Ramadhani. "Takulandirani. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino. Ine ndine Lawson, makaniko wa ku Lilongwe. Awa ndi akazi anga, a Eliza. Uyu ndi mwana wathu, Lucy."

Lucy anali msinkhu wa Salma. Anali woonda. Anavala chipewa chofiira. Anayang'ana nyanja, kukamwa kuli yasa.

"Imeneyo ndi nyanja?" anafunsa Lucy. "Yonseyo?"

Salma anadumpha ndi chimwemwe. Mlendoyu ankalankhula Chichewa!

"Yonseyo," anatero Salma. "Ina yabisala kuseri kwa chilumba cha Mbenji. Nanga galimoto yanuyi, bwanji mumaitchula Kamba?"

"Chifukwa imayenda ndi nyumba yake," anatero Lucy.

A Lawson anafuna kuimika Kamba pafupi ndi madzi.

"Apo ayi, achimwene," anatero a Ramadhani. "Mchenga uwo ndi wonyenga. Pamwamba pouma, pansi pofewa. Kamba wanu atitimira."

A Lawson analoza mtengo wa mvunguti.

"Nanga apo? Pali mthunzi wabwino."

"Aponso ayi, achimwene. Tayang'anani m'mwamba."

Onse anayang'ana m'mwamba. Zipatso zazitali zinali lendelende. Chimodzi chinathothoka. Phi! Chinakumba dzenje pansi.

A Lawson anagwira mutu wawo. Kenako anagwira denga la Kamba.

"Ndamva," anatero. "Mwini malo ndinu. Tisonyezeni."

A Ramadhani anawatengera pansi pa mtengo wa bwemba. Nthaka inali yolimba. Mthunzi unali waukulu. Kamphepo kankadutsa bwino.

A Lawson anatsika. Anayang'ana Kamba kutsogolo. Anamuyang'ana kumbuyo. Anapukusa mutu.

"Wapendekeka. Firiji yanga ndi yamatama. Galimoto ikapendekeka, iyo siigwira ntchito. Mayi a Lucy, levulo yanga ili kuti?"

"Levulo n'chiyani?" Salma ananong'oneza Lucy.

"Kachida koonera ngati chinthu chawongoka."

A Eliza anafufuza m'kabati. Anafufuza pansi pa mpando. Levulo panalibe.

"Bambo a Lucy inu!" anatero a Eliza. "Sipanala munakumbuka. Khadi la chipani munakumbuka. Levulo mwaisiya pawindo!"

"Popanda khadi akanatibweza pamsika wa Salima," anatero a Lawson. "Sindingakumbuke zonse, mutu ndi umodzi."

Salma anapisa dzanja m'thumba la diresi. Munali ndimu. Amayi anali atamutuma kukalithyola. Analiika pansi, pakati pa galimoto.

Gubudu, gubudu, gubudu! Ndimu linagubuduka mpaka kuchitseko.

"Mbali iyi ndi yotsika," anatero Salma.

A Lawson anamuyang'ana.

"Mwana uyu ndi makaniko!"

Anatulutsa thabwa. Analiika kutsogolo kwa tayala. Anakweza tayala pathabwapo. Salma anaikanso ndimu.

Gubudu... gubudu... Ndimu linayenda mwaulesi.

"Lina!" anakuwa Lucy.

A Lawson anaika thabwa lina. Salma anaikanso ndimu. Ndimu linakhala phee.

Onse anaomba m'manja. A Ramadhani anaika miyala kumbuyo kwa matayala. Kamba anakhazikika.

"Bwera, ndikusonyeze nyumba yathu," anatero Lucy.

Salma anavula patapata wake. Analowa.

"Uwu ndi mpando. Ukaukoka umasanduka bedi. Iyi ndi sitovu. Iyi ndi thanki ya madzi. Ukapopa apa, madzi amatuluka apa. Madzi akuda amagwera m'ndowa iyi."

"Amenewo mukataye kudzenje," anatero Salma. "Osati m'nyanja. Ababa amakalipa."

Pakona panali bokosi loyera.

"Iyi ndiye firiji yamatama ija," anatero Lucy. "Adadi anaigula chifukwa cha ine."

Lucy anatsegula fulasiki. Munali timabotolo tiwiri. Tinali tating'ono ngati chala.

"Awa ndi mankhwala anga. Ndili ndi matenda a shuga. Amayi amandibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo."

"Tsiku lililonse? Sulira?"

"Ndinasiya kalekale. Koma mankhwalawa amadana ndi kutentha. Akatentha amawonongeka. Panjira amayenda mufulasiki. Tikaima amalowa mufiriji."

"Nanga akawonongeka?"

"Ndimadwala kwambiri. N'chifukwa chake sindinkapita kutali. Anzanga ankasimba za nyanja, ine n'kumangomvera. Ndiye adadi anapanga Kamba. Anamupanga zaka ziwiri, Loweruka lililonse. Anati, 'Mwana wanga adzaiona nyanja.'"

"Mukhala masiku angati?"

"Atatu."

Masiku atatu! Salma anawerenga zala. Anamva kukoma mpaka kumapazi.

Nthawi yomweyo kunamveka mawu a amayi a Salma.

"Salmaaa! Nthawi ya madarasa kumzikiti! Nanga ndimu langa lija?"

Salma anavala patapata. Anathamanga.

Atachoka, a Lawson anagwada patsogolo pa firiji. Anathira palafini m'kathanki ka pansi pake. Anakhwatcha machesi. Anayatsa kamoto kakang'ono. Firiji imeneyi sinali ya magetsi. Inkagwira ntchito ndi kamoto kameneko.

Lucy anaona. A Eliza anaona. A Ramadhani anaona. Salma yekha sanaone.

M'mawa mwake Salma analawira. Anasesa pabwalo mothamanga, fumbi lili koboo. Kenako anapita kwa Lucy. Onse anatsikira kunyanja.

Lucy anaviika chala chimodzi m'madzi. Anathawa. Anabwereranso. Anaviika phazi lonse. Anaseka mpaka kugwa pansi.

Salma anamuphunzitsa kutola zigoba za nkhono. Anamusonyeza mapazi a mbalame pamchenga. Anamusonyeza asodzi akusoka maukonde.

"Mawa ndikuphunzitsa kuyandama," anatero Salma.

"Lucy, chipewa chili kuti?" anafunsa a Eliza. "Dzuwa lakula."

"Ndachisiya pabedi."

"Ndikatenga ine!" anatero Salma.

Salma anathamangira kwa Kamba. Anatsegula chitseko. Munalibe munthu. Chipewa chinali chitagwera pansi. Salma anawerama kuti achitole.

Ndiye anakaona.

Pansi pa firiji panali kamoto. Kanali kakang'ono. Kanali kabuluu. Kankayaka mwakachetechete, ngati kakubisala.

Salma anakweza mutu. Anayang'ana makatani. Anayang'ana bedi la Lucy. Anakumbuka utsi. Anakumbuka dzanja la amayi.

Anayang'ana kumanja. Palibe munthu. Anayang'ana kumanzere. Palibe munthu.

"Moto wopanda mwini," ananong'ona Salma.

Anagona chafufumimba. Anakoka mpweya. Phuu! Kamoto kanavina, koma sikanazime. Phuu! Kanavinanso. Phuuuu!

Kamoto kanazima.

Salma anadzuka. Anasansa diresi. Anadzimva ngati wamkulu. Wapulumutsa Kamba! Wapulumutsa Lucy! Koma sanauze munthu. Amayi ankati ukachitira mlendo zabwino, usamalengeze.

Anatenga chipewa n'kubwerera kunyanja. Anasewera mpaka dzuwa linafika pamutu.

Masana onse anabwerera pansi pa bwemba. A Eliza analowa m'galimoto. Anaima. Anamvetsera.

Tho. Tho. Tho.

Madzi ankadontha kuchokera mufiriji.

"Bambo a Lucy! Tabwerani msanga!"

A Lawson anathamanga. Anagwada. Anasuzumira pansi.

"Moto wazima!"

A Eliza anatsegula firiji. Anagwira timabotolo. Anatiika patsaya.

"Sitinatenthe," anatero. "Koma kuzizira kukutha. M'galimoto muno mukuwotcha."

Salma anali pakhomo. Sanamvetse.

"Lucy," ananong'ona, "moto ukukhudzana bwanji ndi firiji?"

"Kamoto kaja ndi kamene kamaziziritsa," anatero Lucy. "Kakazima, firiji imagona."

Moto woziziritsa? Salma anayang'ana pansi.

A Lawson anayang'ana palafini. Analipo. Anayang'ana chingwe cha kamotoko. Chinali chabwino. Anatenga ndimu lina n'kuliika pansi. Linakhala phee.

"Palafini alipo," anatero. "Chingwe chili bwino. Kamba sanapendekeke. Mphepo siingafike pansi apa. Nanga moto wazima bwanji?"

A Ramadhani anabwera. Nawonso anasuzumira. Anapukusa mutu.

A Lawson anakhala pakhomo la galimoto. Anagwira chibwano.

"Ngati ukuzima wokha, firiji yawonongeka," anatero. "Ndikhoza kuyatsanso. Koma ukazimanso ife tili mtulo? Sindingasewere ndi moyo wa mwana."

"Ndiye titani?" anafunsa a Eliza.

"Tibwerere. Kunyumba kuli firiji ya magetsi. Tikanyamuka pompano, tikafika kusanade."

Lucy sanalire mokweza. Anangotsitsa chipewa kumaso. Misozi inatsikira pachibwano. M'manja anali atafumbata zigoba zake.

"Sindinaphunzire kuyandama," anatero.

A Lawson anayang'ana kumbali. Maso awo anali ofiira. A Eliza anayamba kupinda zofunda.

Salma anabwerera chambuyo. Kenako anathamanga. Anapeza amayi pakhonde, akupeta mpunga. Anawagwira dzanja, lachipsera lija. Analira.

"Chavuta n'chiyani, mwanangu?"

"Amayi, ndine. Ndazimitsa moto wa firiji. Ndimayesa ulibe mwini. Tsopano Lucy akupita."

Amayi anaika lichero pansi.

"Wawauza?"

"Ndikuopa. Andikalipira. Lucy adana nane. Kawauzeni ndinu, amayi."

Amayi anamupukuta misozi ndi chitenje.

"Kamwa lozimitsa moto linali lako," anatero. "Lonena likhalenso lako. Koma sukupita wekha. Tiye, ndikuperekeze."

Njira ya ku bwemba inali yaifupi. Tsiku limenelo inatalika. Salma ankayenda ngati wasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi.

A Lawson anali akuchotsa miyala kumatayala. Salma anagwada patsogolo pawo.

"Bambo," anatero. Anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu.

"Bambo, moto sunazime wokha. Ndauzimitsa ndine."

Onse anaima.

"Iwe?" anafunsa a Lawson. "Bwanji?"

"Ndinauzira katatu. Ndimaopa kuti Kamba apsa. Ndimaopa kuti Lucy apsa. Pepani, bambo. Pepani, mayi. Pepa, Lucy."

A Lawson anatula mwala pansi.

"Unauzira? Ndi pakamwa?"

"Inde, bambo."

"Katatu?"

"Inde. Unali wamakani."

A Lawson anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamira Kamba.

"Mayi a Lucy, mwamva? Unali wamakani! Ndiye kuti firiji yanga ndi yabwinobwino!"

Salma anadabwa. Ankayembekeza kukalipiridwa.

"Mukhululuke, achimwene," anatero a Ramadhani. "Kuno timamutchula Zimamoto. Khitchini yathu inapsa iye ali momwemo. Amake ndi amene anamutulutsa."

A Eliza anayang'ana dzanja la a Hajara. Anaona chipsera. Anangomudzutsa Salma n'kumukumbatira.

"Cholakwa n'changanso," anatero a Lawson. "Ndinayatsa moto pamalo pa eni, osauza ana a pakhomo. Ukanakhala chete, mwana iwe, bwenzi pano tili pamsewu. Wachita bwino kunena."

"Komabe, Salma," anatero a Ramadhani, "safunsa anadya phula."

"Ndamva, ababa."

Lucy anakweza chipewa.

"Ndiye sitikupita?"

A Eliza anapuma mozama.

"Vuto lilipobe. Firiji iyi siifulumira. Tikayatsa pano, izizira madzulo kwambiri. Mufulasiki madzi oundana anatha dzulo. Nanga mankhwala adikira kuti? Dzuwa ili si lamasewera."

Nkhope ya Lucy inagwanso.

Salma anaganiza. Malo ozizira. Malo ozizira masana ano. Anaganiza za nyanja. Ayi, m'mphepete madzi amafunda. Anaganiza za pansi pa bedi. Ayi. Kenako anamva ludzu. Ndipo ludzulo linamukumbutsa.

"Mtsuko!" anakuwa. "Amayi, mtsuko wathu!"

Onse anapita kunyumba kwa a Ramadhani. Pakona pa khonde panali mtsuko wadothi. Unakhala pamchenga wonyowa. Kunja kwake kunali thukuta. Dzuwa silinkafikapo, koma mphepo inkadutsa.

Salma anatunga madzi ndi chikho. Anagwada. Anapereka kwa a Eliza.

A Eliza anamwa. Anatsinzina.

"Kuzizira kwake! Amayi anga kumudzi anali ndi wotere. Tauni yandiiwalitsa, asisi."

"Firiji ya amphawi imeneyo," anatero a Hajara, akuseka. "Siifuna palafini. Imangofuna kuithirira."

A Eliza anatenga chitini chotseka bwino. Anaikamo timabotolo. Anatseka zolimba. A Hajara anachimanga ndi kachingwe.

"Bisimila," anatero, akuchitsitsira mumtsuko.

Anavundikira mtsuko ndi nsalu yonyowa.

"Mchenga ukauma, muzithira madzi," anauza atsikanawo. "Nsalu ikauma, muziinyowetsa."

"Tamva!"

Kenako a Lawson anaitana Salma.

"Bwera, makaniko wanga. Udzaone ndi maso ako."

Salma anaima pakhomo la Kamba. Mapazi anakana kulowa. Lucy anamugwira dzanja. Analowa limodzi.

A Lawson anakhwatcha machesi. Salma anatsinzina. Atatsegula maso, kamoto kanali katabwerera. Kakang'ono. Kabuluu.

"Ika dzanja kumbuyo kwa firiji, pamwambapa. Ukumva chiyani?"

"Kufunda."

"Kumbuyoku kuli mapaipi. M'mapaipimo muli mankhwala ena. Kamoto kamawayendetsa. Akamayenda amakoka kutentha m'kati mwa firiji, n'kukutayira kunja."

"Ndiye Kamba sangapse?"

"Funso labwino. Moto ndi moto, sitiuderera. Taona pansipa. Ndinakhomapo lata. Taona makatani. Ndinawafupikitsa dala. Taona zenera ilo. Limakhala lotsegula pang'ono, kuti mpweya uzilowa. Ndowa ya mchenga ili apo."

Salma anayang'ana lata. Anayang'ana makatani. Anayang'ana zenera. Mtima unayamba kutsika.

"Tsopano mvera," anatero a Lawson. "Kamoto kakakhala kabuluu, zili bwino. Kakasanduka kachikasu, kapena kakachita utsi, utani?"

Salma anatsala pang'ono kunena kuti, "Ndizimitse." Anadziletsa.

"Ndiitane wamkulu."

"Eyaa! Ndipo galimoto siyenda kamoto kakuyaka. Tsiku lonyamuka timazimitsa. Tsiku limenelo ndidzaitana katswiri."

"Katswiri wake uti?"

"Zimamoto, nanga ndani?"

Onse anaseka. Salma nayenso anaseka, misozi isanaume.

Masana onsewo atsikana awiri anali pantchito. Ankathamangira kukhonde. Ankathira madzi pamchenga. Ankanyowetsa nsalu. Ankathamangira kwa Kamba. Ankagona chafufumimba n'kusuzumira.

"Kabuluu!" ankakuwa Salma.

"Kabuluu!" ankavomera Lucy.

Kukhonde, kwa Kamba. Kukhonde, kwa Kamba. Nkhuku zinatopa n'kuwapatuka.

"Titsegule firiji tione ngati yazizira," anatero Lucy.

"Ayi," anatero a Lawson. "Ukamatsegulatsegula, kuzizira kumathawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Podikira, Lucy anang'amba pepala m'kope lake. Salma anatenga pensulo. Analemba zilembo zazikulu, lilime lili panja. Anamata pepalalo pachitseko cha firiji.

MOTO UWU ULI NDI MWINI.

A Hajara anabweretsa mtedza wokazinga ndi tiyi. Wa Lucy anali wopanda shuga. Salma anayang'ana kapu ya mnzakeyo.

"Amayi, inenso musandithirire," anatero.

Analawa. Anakwinya nkhope ngati wadya bwemba wosapsa. Koma anamwa yense.

A Hajara anawerenga pepala lija. Anagwedeza mutu.

"Lamulo langa linali lopereweza," anatero. "Tsopano likhale lotere: moto wopanda mwini, funsa kaye. Ukasowa wofunsa, kuwa."

"Kukuwa ndiye amatha," anatero a Ramadhani.

Nthawi ya jakisoni itakwana, a Eliza anavuula chitini mumtsuko. Anatsegula. Anaika kabotolo patsaya. Anamwetulira.

"Kozizira bwinobwino."

"Alihamudulilahi," anatero a Hajara.

"Ambuye ndi abwino," anatero a Eliza.

Lucy anapereka mkono. Salma ndi amene anatsinzina.

Kenako a Lawson anatsegula firiji pang'ono. Anapisamo dzanja. Anatseka msanga.

"Yadzuka," anatero. "Mankhwala abwerere kwawo. Ife sitikupita kulikonse."

Lucy anaponya chipewa m'mwamba. Chinakola mubwemba. A Ramadhani anachita kuchitsitsa ndi nsungwi.

Kutacha, Salma anafika kwa Kamba asanasese n'komwe. Anagona chafufumimba. Kabuluu!

"Tseka maso," anatero Lucy. "Tambasula manja."

Salma anatseka maso. Anatambasula manja. Kanthu kanagwera m'manja mwake.

"Mayo! Kakuluma!"

Anatsegula maso. Kanali kamwala. Kanali kowala ngati galasi. Kankaterera. Kankadontha.

"Ndi madzi oundana," anatero Lucy. "Firiji yapanga usiku."

Salma anali asanawagwirepo. Anakanyambita. Lilime linachita dzanzi.

"Ndiye kamoto kaja kapanga zimenezi?"

"Kamoto komweko."

Salma anayang'ana kamwalako. Kenako anakafumbata. Anathamanga. Lucy anamutsatira.

"Salma, ukupita kuti? Kasungunuka!"

Salma anapitirizabe kuthamanga. Anadutsa mvunguti. Anadumpha nkhuku. Madzi ankatsikira m'zigongono.

Amayi anali pakhonde, akudzaza mtsuko.

"Amayi, ndipatseni dzanja. Ayi, linalo."

Amayi anapereka dzanja lachipsera. Salma anafumbatula. Kamwala kanali katachepa ngati njere ya mtedza. Anakaika pachipsera penipeni. Anakagwirizira ndi chala.

"Iii, kuzizira!" anatero amayi. "N'chiyani chimenechi?"

"Moto unakuwotchani apa, amayi," anatero Salma. "Lero moto wapepesa."

Amayi anayang'ana dzanja lawo. Anayang'ana mwana wawo. Anaseka, koma misozi inalengeza m'maso. Anamukokera pachifuwa. Anamukokanso Lucy. Kamwala kanasungunuka konse, iwo asanawasiye.

"Basi, basi," anatero amayi, akupukuta kumaso. "Mwandinyowetsa. Pitani, nyanja ikukudikirani."

A Lawson ndi a Eliza anali kale m'mphepete mwa madzi. A Ramadhani anaima m'madzi mpaka m'mawondo. Lucy anagona chagada. Salma anaika manja pansi pa msana wake.

"Usaope," anatero Salma. "Yang'ana kumwamba. Ndakugwira."

Lucy anayang'ana kumwamba. Anapuma. Pang'onopang'ono Salma anachotsa dzanja limodzi. Kenako anachotsa linalo.

"Adadi!" anakuwa Lucy. "Taonani! Ndikuyandama!"